Sefa Sakuyankha

LACHIWIRI

Kaputeni, 10:12
a kochi mwamva? akomiti atseka ligi chifukwa cha mliriwu. season yathera pompa

Kochi, 10:15
Nanga ife amene tili pansi penipeni?

Kaputeni, 10:15
palibe kutsika palibe kukwera. magemu awiri otsala aja afufutidwa. tapulumuka!!

Kochi, 10:16
Usandinamize iwe, ndili ndi chitsulo chamoto m'manja, ndikuwotcherera geti la eni ake.

Kaputeni, 10:17
zoona big man kkkkk

Kochi, 10:21
Timu yowina kamodzi chaka chonse koma osatsika. Mulungu ali ndi njira zake.

Kaputeni, 10:22
Sefa golo wathu uli kuti? tuluka usangalale. zigoli 6 unamwetsedwa gemu yomaliza ija zakhululukidwa

Kaputeni, 13:40
Sefa

Kaputeni, 13:41
aise ukadali wokwiya? ndinangopsa mtima ponena kt manja ako ndi obooka. ndipepese kangati

Kochi, 13:58
Unamunyoza ana ake akumva. Musiye, mtima ukatsika ayankha.

LACHITATU

Kaputeni, 08:05
ndadutsa pa shopu yake yosokera nsapato popita kukasiya kasitomala. pali loko. mayi ogulitsa ma units pafupipo akuti sanamuone kuyambira loweruka

Kochi, 08:09
Sefa satseka shopu, olo mvula igwe bwanji. Muimbire.

Kaputeni, 08:10
[waimba, sinayankhidwe]

Kaputeni, 08:31
[waimba, sinayankhidwe]

Sefa, 11:20
alamu, ndine mkazi wawo. foniyi inazima mu jekete, ndaipeza lero

Sefa, 11:22
bambo ali kuchipatala kuyambira lamulungu. anayamba ndi kutsokomola kenako mpweya kubanika. atawayeza awapeza ndi matendawa. ali pa oxygen

Sefa, 11:23
sakundilola kulowa. ine ndi ana atiuza tisatuluke pakhomo. ndimangomva nesi akaimba pa foni yanga

Kochi, 11:24
Pepani kwambiri alamu. Ife kuno timati akunyanyala.

Kaputeni, 11:24
eish

Kaputeni, 11:27
alamu ikani foniyo ndi charger mu jumbo mupachike pa geti. ndikubwera ndi njinga yamoto, ndikasiya kwa alonda akuchipatala akapatse nesi. munthu asagone yekha opanda womulankhula

Sefa, 11:28
zkm alamu. muli sokosi ndi juzi, nesi anati akumadandaula kuzizira

Kochi, 11:30
Ine ndi matenda anga a shugawa ana andiletsa kutuluka pageti. Kaputeni, dzera kuno utenge sopo, mafuta ndi makala ukasiyire alamu. Uvale mask, osati pachibwano ngati masiku onse.

Kaputeni, 14:12
ndasiya zonse. mlonda anafuna kuvuta koma nesi anatuluka yekha kudzatenga. akuti ampatsa akadzuka

Kaputeni, 14:13
Sefa ukaiona iyi ungotumiza chala chokha

LACHINAYI

Kochi, 07:02
Sefa, wadzuka bwanji mwana wanga?

Kaputeni, 12:30
a kochi mauthenga akufika koma sakutsegula

Kochi, 12:44
Wodwala sathamangitsidwa. Tidikire.

Kaputeni, 16:15
ndinaima pa geti la chipatala kanthawi. panali anthu akulira. ndinafunsa dzina, si iye

Kochi, 16:20
Pita kunyumba. Usamayende pamsewu mutu uli choncho.

LACHISANU

Kaputeni, 09:03
aise ndine. manja ako si obooka. obooka ndi pakamwa pangapa

Kochi, 15:37
Alamu andiimbira. Nesi akuti kutentha thupi kwatsika ndipo wamwa tiyi. Zina tiona mawa.

LOWERUKA

Sefa, 09:48
[uthenga wa mawu, 0:31] A kochi. Aise. Ndine. Musadandaule ndi mawuwa, akuchita ngati wailesi yotha mabatire. Andichotsa chipaipi cha oxygen chija m'mawa uno. Ndikupuma ndekha. Tandiuzani, lero si tili ndi gemu? Mwaika ndani pagolo?

Kaputeni, 09:49
SEFAAAA

Kaputeni, 09:49
iwe galu iwe

Kaputeni, 09:50
ndaimitsa njinga pambali, kasitomala akundifunsa ngati kwagwa zovuta. ndamuuza ayi mayi, ndi fumbi lalowa mmaso

Kochi, 09:52
Mulungu alemekezeke. Munthu wangobwerako kumene, koma choyamba kufunsa ndi mpira. Kulibe gemu, ligi anaitseka. Werenga m'mwambamo.

Sefa, 10:06
ndawerenga. ndiye sitinatsike eti

Kaputeni, 10:06
ayi

Sefa, 10:08
ndiye ine ndimadera nkhawa zaziii. ndimati ndikafa anthu aziti golo amene anatsitsa timu uja

Kochi, 10:09
Usatchulenso mawu amenewo. Waimbira alamu?

Sefa, 10:11
ndayamba ndi iwowo a kochi, ndine wopenga ngati? analira kenako anandikalipira chifukwa chobisa chifuwa sabata yonse

Sefa, 10:30
[uthenga wa mawu, 0:52] Koma tamverani izi. Mukudziwa amene wagona bedi loyandikana ndi langa? Ref wadazi uja, amene anakupatsa red card iwe kaputeni. Nditamuona tsiku loyamba ndinati basi, ndafika kumoto. Koma anthu inu, munthu uja ndi amene wandisunga. Lachinayi ndinatopa, ndinafuna kungovula chipaipicho zithe. Iye naye akubanika, koma anamenya bedi langa ndi kapu, nkumati, "Golo, dzuka! Sindinalize wezulo ine!" Kenako anakuwa mpaka nesi anabwera.

Kaputeni, 10:33
ref uja??

Sefa, 10:34
yemweyo. akupereka moni. akuti red card ija sakuibweza

Kaputeni, 10:34
kkkkkk muuze ndamukhululukira theka

Kochi, 10:36
Ali bwanji iyeyo?

Sefa, 10:39
akupezako bwino. koma abale ake ali kutali, palibe amamubweretsera kanthu

Kaputeni, 10:40
mawa ndibweretsa majumbo awiri. amakonda chani

Sefa, 10:41
malalanje. ndi kulamula anthu

Sefa, 10:47
za manja obooka zija aise, zisiye. koma nawe ma defender ako aziima, osamangondiyang'ana ngati tv

Kaputeni, 10:48
ndamva bwana

LACHIWIRI

Sefa, 11:05
anditulutsa!! adokotala akuti mpira ndiusiye kaye miyezi ingapo, mapapo achire

Kochi, 11:07
Ligi nayonso ikudwala ngati iwe, muchirira limodzi. Pagolo palibe amene aimepo.

Kaputeni, 11:08
palibenso amene akufunapo kkkk. ndili pa geti ndi galimoto ya achimwene. ukhala kumbuyo mawindo otsegula. ref wamusiya?

Sefa, 11:10
akuti iye mwina lachisanu. ndamusiyira juzi

Kaputeni, 13:26
a kochi ndamufikitsa. waonda, thalauza ikuchita kugwa, koma walowa m'nyumba ndi miyendo yake. ana anali pa windo akumenya galasi. wamng'ono uja anafuna kuthamanga amayi ake anamugwira malaya

Kochi, 13:29
Zikomo kaputeni. Wagwira ntchito.

Kochi, 14:50
Sefa, wadya?

Sefa, 15:18
a kochi ndine mkazi wawo. adya, amaliza mbale yonse. tawaika chipinda chawochawo monga ananenera adokotala. panopa agona

Sefa, 15:20
akuliza mkonono nyumba yonse. zaka zonsezi ndakhala ndikudandaula nawo mkonono umenewu. lero ndauza ana azimitse tv, ndakhala pansi pakhonde pafupi ndi windo lawo kt ndiziumva bwino