Injini ya a Sixten yapsa: ndikonzetse kapena ndisinthe?

Aphungu,

Ine si munthu wolembera kunyuzipepala, koma zandifika pakhosi. Ndinapuma ntchito yophika kusukulu, ndipo ndimakhala kunja kwa tauni ndi amuna anga, a Sixten. Iwo akudwala matenda oiwalaiwala. Masiku ena amanditchula dzina, masiku ena amandifunsa mwaulemu kuti mayi wapanyumba pano abwera nthawi yanji.

Chimene sanaiwale ndi galimoto yawo. Moyo wawo wonse ankagawa makalata m'midzi ya kuno, ndipo atapuma anatsala ndi chigalimoto chawo chakale, chimene amachikonda kuposa ine, ndikunena poyera. Chivundikiro cha injini anachipaka okha penti yofiira. Adokotala anawaletsa kuyendetsa, ndiye dalaivala ndine. Tikadya chamasana timakwera n'kudutsa njira yawo yakale ija. Pa bokosi lililonse la makalata la m'mbali mwa msewu ndimachepetsa liwiro, iwo n'kutchula mwini wake, ngakhale amene tinaika kalekale. Amapendeketsa mutu kumvetsera injini, amvekere, "Ikuimba bwino lero." Tikabwerako amamwa khofi, mtima uli m'malo. Tsiku loti sitinayende, m'nyumba muno simukhalika.

Chisanu chitalimba mwezi watha, tsiku lina madzulo analowa m'galaja. Sindinadandaule, poti amakonda kukapukutapukuta magalasi. Kutacha ndinawapeza ataima pakhomo, jekete atavala, ketulo ya madzi otentha ili m'manja, akungoyang'ana panja. Ndinati, "Sixten, khofi mwamwa kale, bweretsani kuno mungadziwotche." Anandipatsa ketuloyo.

Masana tinanyamuka. Ndinadabwa kuti hita ikutulutsa mphepo yozizira, koma ndinati ndi ukalamba wa galimoto. Tisanafike pamlatho ndinamva fungo lopserera, injini inagogoda, kenako zii. Anatikoka ndi mnansi wathu Evert pa thirakitala yake.

Nditalowa m'galaja ndinapeza beseni pakona, lodzaza madzi a mulediyeta, atalivundikira bwinobwino ndi thabwa. Apo m'pamene ndinamvetsa. Kale kuno kumpoto, kumene chisanu chimaumitsa madzi kukhala ngati mwala, mankhwala oletsa madzi kuundana asanafale, bambo aliyense ankakhutula madzi a thirakitala madzulo kuti chisanu chisang'ambe injini, m'mawa n'kuthiramo otentha. A Sixten anaphunzira zimenezi kwa bambo awo ali mnyamata, ndipo mutu wawo unabwerera komweko. Kukhutula anakhutula bwino. Kuthira ndiye kunali kwa ketulo ija ndinawalanda. Ndinakhala pa tayala n'kulira ngati mwana.

Makaniko wathu ndi Börje. Ndinkamupakulira chakudya kusukulu ali kamwana kamamina, ndiye sandibisira mawu. Anati, "Azakhali, dzanja lanu lakukhitchini silinathe ayi. Injiniyi mwaiphika mpaka yapsa ndi mkati momwe." Ndinamuuza kuti atseke pakamwa anene zanzeru. Anati, "Njira zilipo ziwiri. Ndiimasule, hedi, mutu wa injiniwu, nditumize kutauni ya Skellefteå akaipale, koma kumeneko kuli mzere, mudikira mpaka chipale chofewa chisungunuke chisanu chikatha, ndiponso sindingalumbire kuti pansipa sipanang'ambike. Apo ayi, kwa ogulitsa zitsulo zakale kuli injini ya mtundu womwewu, ya galimoto imene inagundidwa kumbuyo. Imeneyo sabata imodzi mukuyenda." Mtengo akuti sukusiyana kwenikweni, ndipo njira zonse ziwiri zikuposa mtengo wa galimoto yeniyeniyo.

Mwana wathu Gunnel, amene amakhala ku Umeå, safuna n'kumva komwe. Pafoni anati, "Amayi, mukufuna muthire ndalama, makorona ambirimbiri, m'chitsulo chakufa? Kunyumba ya okalamba malo apezeka, akufuna yankho mwezi uno usanathe. Kapena mukudikira adzakhutule mafuta a mabuleki?" Ndinamudulira foni. Chimene chikundiwawa n'chakuti sananame.

Chiwonongekereni galimotoyi, a Sixten akatha kudya amavala jekete n'kuima pakhomo. Evert anatibwereka galimoto yake, koma iwo anakana kukwera, ati, "Si yanga iyi, andimanga." Lachisanu ndinalowa kubafa pang'ono chabe, potuluka munthu palibe. Evert anakawatola pamseu waukulu, alibe chipewa, makutu atayera ndi chisanu, akuti achedwa ndi makalata.

Aphungu, ndatopa, ndipo ndikuchita mantha. Galimoto ikapanda kubwerera msanga sinditha kuwasunga pakhomo, ndidzavomera za Gunnel. Koma ndikaika injini ya munthu wina, munthu woti amadziwa yake ndi khutu, bwanji akaimva n'kunena kuti si yake? Ndiye kuti ndataya ndalama, ndataya ndi kamodzi kamene kanawatsalira m'mutu kaja. Ndidikire yawo yomwe, kapena ndisinthe?

M. L., Sorsele

Mayi M. L.,

Sinthani injini. Ndayamba ndi yankho chifukwa chimene chikukuchepelani si ndalama ayi, koma nthawi. Injini imene inayenda yopanda madzi mpaka kugogoda siipwetekera pamalo amodzi. Mukhoza kudikira nyengo yonse ya chisanu, hedi n'kubwera yosalala bwino, Börje n'kupeza mng'alu pansi, inu n'kubwerera pomwe muli lero. Kudikira kotero kumakhala kwa munthu amene galimoto yake ndi yokongoletsa pabwalo. Yanuyo ndi mankhwala a wodwala, ndipo wodwalayo wayamba kuyenda pamseu wopanda chipewa.

Koma musagule mwachimbulimbuli. Börje apite yekha akaione injiniyo, aipime mphamvu, afufuze kuti inayenda mtunda wotani, ndipo ogulitsawo avomere kuti ikavuta m'miyezi yoyambirira adzailandiranso. Poikapo asinthiretu lamba wa injini ndi pampu ya madzi, aonenso lediyeta ndi mapaipi ake, poti nazonso zinalawa moto. Akayamba nthabwala zake zakukhitchini, mukumbutseni amene ankamuonjezera chakudya.

Za khutu la a Sixten musade nkhawa kwambiri. Injini za mtundu umodzi zimalira mofanana, ndipo zambiri zimene iwo amamva ndi za galimoto yonse: chitseko, mpando umene unazolowera msana wawo, kunjenjemera kwa dashibodi. Zonsezo zikhala zomwezo. Muuzeni Börje achotse chivundikiro chofiira chija pa injini yakufayo, aike pa inayo. Si bodza limenelo, penti ndi yawo ndithu.

Tsopano ndikuuzeni zimene simufuna kumva. Gunnel wanena zoona pa nkhani ya mabuleki. Manja a amuna anu akukumbukira ntchito zimene mutu sukuzitsatiranso mpaka kumapeto. Galaja ikhale yokhoma, kiyi m'thumba mwanu, ndipo musananyamuke muzisuzumira pansi pa galimoto ndi muboneti. Musawalande ntchito zonse, poti munthu amene anagwira ntchito moyo wake wonse sakhala manja lende. Muzilowa nawo limodzi, muwapatse nsalu apukute magalasi inu muli pompo. Pachitseko cha nyumba muike belu lolira munthu akatsegula.

Za ketulo ija, lekani kudzizunza. Munaona munthu wodwala atanyamula madzi owira, munachita zimene aliyense akadachita.

Muimbireni Gunnel lero, musadikire kuti ayambe ndiye. Akunyumba ya okalamba musawayankhe kuti ayi wamtheradi. Afunseni ngati a Sixten angamakhaleko masiku ena n'kumabwerera kunyumba, makamaka sabata imene galimoto ili kwa Börje, kuti nanunso mugoneko tulo. Mukagwa inuyo, injini ngakhale itakhala yatsopano bwanji, palibe woiyendetsa.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo ndikulemba mtima ukuwawa. Injiniyi ikugulirani miyezi, mwina chaka, koma siichiza munthu. Lidzafika tsiku limene mudzachepetsa liwiro pa bokosi la makalata, iwo osatchula dzina. Lidzafikanso lina limene mudzaliza injini, iwo n'kunena kuti, "Si yanga iyi." Tsiku limenelo musadzapite kwa Börje kukamukalipira, ndipo musadzadziimbe mlandu kuti munasankha molakwa. Injini idzakhala ili bwinobwino. Mudzazimitse, muwagwire dzanja mulowe nawo m'nyumba, kenako muimbire Gunnel.

Aphungu