Khofi Losafika Patsaya

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bondo la amayi lija likuwalola kuyenda? Kuno tilipo, kungoti kochapira zovala kuchipatala kumene ndimagwira ntchito makina amodzi anafa, ndiye zofunda za odwala zimatiunjikira mpaka msana kuchita kulira.

Nkhani ndi ya mwana wanu Tsabola. Mukukumbukira kalata ndinalemba nditapsa mtima ija, yoti mumukonzere pogona abwere kwanuko poti ine wandikanika. Anali atamenya mtsikana wa m'kalasi mwake mpaka kumuthyolera magalasi, ndipo ahedi anatiuza kuti akangobwereza, sekondale yathera pomwepo. Koma m'malo momupatsa chibalo anamulowetsa m'gulu la ana otsalira akaweruka. Masiku awiri amasewera mpira wamanja, masiku enawo zisudzo ndi kuimba. Ine ndinaseka ndithu, kuti mwana wamenya mnzake, mphotho yake mpira!

Kumpirako salemba zigoli, ndipo matimu amawasakaniza tsiku ndi tsiku, moti amene unalimbana naye dzulo, lero ukumupatsira mpira. Wezulo amasinthana anawo okhaokha. Tangoganizani, Tsabola kuweruza anzake! Aphunzitsi akuti amaweruza bwino, ndipo ine ndinafunsa kawiri ngati akunena mwana wanga yemweyu.

Loweruka lapitali anaitana makolo kuti tikaone anawo akuyeserera sewero lomwe amalitcha opera. Ndi sewero ndithu, koma palibe woyankhula. Kukangana akuimba, kupepesa akuimba, ngakhale kufa munthu amafa akuimba, ndipo safulumira ayi. Mayi amene amawaphunzitsa kuimba ndi wamfupi kuposa ine, koma atangotsegula pakamwa, popanda chimkuzamawu, holo yonse inadzaza. Ndinachita tsemwe thupi lonse. Anatifotokozera kuti mawu otero sachokera pakhosi koma pamimba, ndipo mwana amayamba waphunzira kukoka mpweya pang'onopang'ono ndi kuusunga, kuimba kumabwera pambuyo.

Kenako anatulukira Tsabola. Achemwali, mawu amene ndimawadziwa pokuwa ndi poyankha mwano aja, anakwera bwinobwino mpaka kudenga, osalala, osanjenjemera. Ndinagwira pakamwa. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndikugona naye nyumba imodzi, sindinadziwe kuti ali ndi chinthu chotero m'chifuwa. Misozi inangotsika yokha.

Ndikupukuta m'maso, ndinaona kuti amene akukangana naye m'seweromo ndi mtsikana wa magalasi yemwe uja. Anayandikirana, nyimbo ikukwera, Tsabola n'kukweza dzanja. Phaa! Mtsikana uja pansi.

Mukundidziwa inu. M'mutu mwanga munangobwera mawu a ahedi. Sindikudziwa kuti masitepe ndinawakwera bwanji, ndinangozindikira ndili pansanja, ndamugwira mwana pamkono, dzanja linalo lili m'mwamba. Iye sanathawe, sanazinde. Anandiyang'ana m'maso, anakoka mpweya monga anamuphunzitsira, n'kunena mawu amodzi okha, akuti imani. Pomwepo woimba piyano anasiya, ana onse anaima chilili, holo yonse zii. Chinatsala ndi dzanja langa lokha m'mwambamo, pamaso pa makolo onse.

Mtsikana wa magalasi anadzuka bwinobwino, tsaya lake lopanda ngakhale chizindikiro. Aphunzitsi a zisudzo, bambo wodekha kwambiri, anandikhazika pansi n'kuuza anawo kuti abwereze pang'onopang'ono ndione. Dzanja la womenya limadutsa patali, phokoso lija amalipanga womenyedwayo powomba m'manja mwake mobisa. Asanayambe amayang'anana m'maso, ndipo amene amalamula ndi womenyedwayo: akapanda kupereka chizindikiro, dzanja silinyamuka. Wina aliyense akanena kuti imani, onse amaima, ngakhale aphunzitsi amene. Khofi limodzilo analiyeserera milungu itatu, ndipo mtsikanayo ndiye anasankha yekha kuti azichita ndi Tsabola. Ndinadabwa koopsa, achemwali, mpaka pano ndikudabwabe. Munthu kupereka tsaya lake kwa amene anamuvulaza, n'kukhulupirira kuti dzanjalo liima pamene liyenera kuima!

Titafika kunyumba, ndikuvula nsapato, ndinamuuza kuti waimba bwino ndipo andikhululukire, ndimaganiza kuti wamenyadi. Anayankha mofatsa, osati mwamwano, kuti khofi lake silifika, koma anga amafika onse. Ndinakhala pampando ndi nsapato imodzi m'manja.

Ahedi anditsimikizira kuti malo ake alipo mpaka alembe mayeso. Pempho langa ndi limodzi. Mukawauze amayi kuti mdzukulu wawo sabweranso kudzakhala kumeneko, poti ine pakamwa pakundilemera. Musawabisire kanthu. Akafunsa ngati mwana wasintha, muwauze kuti inde, koma amene wayamba sukulu tsopano ndine. Lero akwana masiku asanu dzanja langa lisanakhudze tsaya la mwana wanga, ndipo ndikuchita manyazi kuti ndikuchita kuwerenga masiku.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, amalume ndi akazi awo, ndiponso ana onse. Tsabola akuti ndikuuzeni kuti akukusowani.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Make Tsabola