Mpunga Wopanda Viniga

Mwana wanga Natsuho,

Ndikhulupirira uli bwino ku Sapporo kumeneko pamodzi ndi mwamuna wako. Kamdzukulu kanga chifuwa chija chinakasiya? Kuno ku Kanazawa mphepo ya kunyanja yayamba kale kuluma, ndipo mawondo anga akukana ntchito. Bambo ako ndi omwe aja, kuyankhula amayankhula ndi mpeni.

Alendo akhala akubwerabe kumalo athu odyera sushi. Ena amachokera ku Tokyo kudzadya zimene bambo ako awaikira patsogolo, n'kumajambula nsomba mpaka mpunga kuzizira. Ndatopa nako kumwetulira, mwanawe.

Pali nkhani imene sitinakuuzepo. Chidwalire chimfine chachikulu chija, bambo ako samva kukoma kwa chakudya. Nsomba amaidziwa ndi maso ndi zala, koma mpunga wa sushi umafuna lilime. Choncho m'mawa uliwonse akathira viniga ndi mchere amandiikira pang'ono pachikhatho kuti ndilawe. Ndikagwedeza mutu, titsegula. Ndikati viniga wachepa, amang'ung'udza kuti mkazi uyu adzandipha, koma amaonjezera. Palibe mlendo amadziwa.

Chilimwe chathachi adokotala anandipeza ndi chotupa. Masiku a kuchipatala ndinkawauza bambo ako kuti ndikukaphunzira kukonza maluwa ndi anzanga. Mankhwala amene ndikumwa andipha lilime, chilichonse chimangomveka ngati ndikutafuna supuni. Ndinaopa kuwauza. Ndinkangogwedeza mutu, n'kumadalira kuti manja awo akukumbukira muyezo.

Sabata yatha a Kuroiwa, dokotala wa mano uja amene wadya kwathu kuyambira usanabadwe, anasiya chidutswa cha nsomba ya buri pakauntala. Anachiyang'ana, n'kumwa tiyi, n'kuti mimba yakalamba basi. Potuluka anandinong'oneza kuti kodi Mayi, viniga mwayamba kugula kwina? Bambo ako anangochotsa chidutswacho. Ukudziwa iwe kuti kwa iwo bola kuwatukwana kusiyana ndi kuwasiyira chakudya.

Dzulo m'mawa anandipatsa mpunga monga mwa masiku onse. Ndinatafuna, ndinagwedeza mutu, mpaka ndinaonjezera kuti lero mwaukhoza. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandilozera mbale ya viniga ili pambali, yodzaza. Sanathire ngakhale dontho.

Ndinaulula zonse, misozi ili chuchuchu. Ndinkayembekezera kuti akalipa. Iwo anangokhala pathumba la mpunga n'kundifunsa kuti ndiye kumaluwa kwakoko unkapita wekha, pabasi? Atatero anatenga foni n'kuimbira alendo onse mmodzimmodzi kupepesa, akuwerama ngati akuwaona. Nsomba ya tsikulo anagawira anansi. Nsalu ya pakhomo imene timapachika tikatsegula ikadali yopinda mpaka lero.

Akuti sangagulitse mpunga umene palibe waulawa. Ndinati tilembe ntchito munthu wina. Anati lilime la mlendo silingadziwe mpunga wa nyumba ino, oudziwa ndife atatu okha, ndipo awirife tatha ntchito. Akapanda kutsegula mwezi wa nkhanu uno, amalonda a kumsika ayamba kusungira ena nsomba yabwino, ndipo dzina limene analikonza moyo wawo wonse lizimirira.

Sindinaiwale mmene anakuchotsera kuseri kwa kauntala, nati manja a mkazi ndi ofunda, amaononga nsomba. Unachoka ukulira, ndipo chiyambire sunadyeponso pakauntala pawo. Ukakana kubwera kudzatithandiza, sindikuimba mlandu. Uli ndi banja lako, ndipo ine ndilibe mphamvu zokunyengerera.

Koma m'mawa uno, akupukuta kauntala yopanda alendo, anati ndikamakulembera ndikufunse ngati mipeni yako ija ukuinolabe. Ndinati mwina mwati adzangotilawira mpunga. Anandiyankha kuti kodi mankhwalawo agonthetsanso makutu? Ndati mipeni.

Pepani sanganene, umawadziwa. Ine ndangokuuza monga ananenera.

Undiperekere moni kwa mwamuna wako ndi apongozi ako, ndipo kamwanako ukaveke zofunda. Mukhale ndi moyo nonse kumeneko. Za ine usade nkhawa kwambiri, kuchipatala tsopano tizipita awiri. Ukamayankha ulembere iwo, osati ine. Ndawaona kale akusuzumira m'bokosi la makalata, chonsecho kalatayi sindinaitumize n'komwe.

Ndine mayi ako,
Fumie