Pulogalamu Yatchula Apongozi Dzina

Lolemba, 3 Juni 2024
Mitundu. Kuzizira. Mkazi wanga Thokozani akadali ku Joni, foni yake zii. Ine pano pakwawo, mkamwini wopanda mkazi. Ocheza nawo ndi mbuzi za apongozi, ndi maphunziro a Python, olemba mapulogalamu a kompyuta, pafoni.

A Petro, apampando a kalabu ya alimi a soya, akufuna kapulogalamu kotumiza uthenga kwa mamembala. Ndavomera msanga. Mwina pamudzi pano angandione ngati munthu.

Lachitatu, 5 Juni
Katheka, koma kutalika kwake! Munthu aliyense ndi mzere wake: uyu aNaphiri, uyu bambo a Chikondi, uyu agogo. Ndakaponya pagulu la ophunzira pa WhatsApp. Anna wa ku Blantyre, yemwe sindinamuonepo, wandiseka. Akuti, "Khodi yauve iyi. Dulani dzina lonse la munthu ndi lamulo la split, tengani loyambalo, basi."

Mizere yonse ija yasanduka umodzi, woyera bwino. Ndinafuna woti ndimuonetse. Palibe.

Lachisanu, 7 Juni
Ndatumiza osayesa kaye. Apongozi nawo ndi membala, ndinaiwala. Uthenga umene alandira: "Eneless, bwerani kumsonkhano mawa." Pansi pake dzina langa.

Ine amene ndimapatuka m'njira ndikawaona patali, lero kuwatchula dzina ngati mwana wanga. Ndafa ine.

Loweruka, 8 Juni
Mlamu wanga Pitala sanalowe n'komwe, anangoima pakhomo. "Amayi analira dzulo." Basi, n'kumapita. Sindidikira kupirikitsidwa. Ndalongedza.

Lachitatu, 19 Juni
Nathenje, m'nyumba ya malemu mayi. Fumbi, akangaude, maminibasi kungodutsa pamsewu. Ndabwezeretsa mizere yonse ija, aliyense ndi ulemu wake. Anna akuti ndabwerera m'mbuyo. Sanakhalepo pachikamwini ameneyo.

Thokozani ndamulembera zonse. Wawerenga, osayankha. Ndikuopa kuti banja langa lathera pa mzere umodzi. Ndikumusowa. Ngakhale mbuzi zija ndikuzisowa.

Lachisanu, 21 Juni
Uthenga pafoni. Nambala ya apongozi, koyamba chikwatirireni.

"Bambo, chimwalirireni apongozi anu aamuna palibe ananditchulapo dzina limenelo. N'chimene ndinalirira. Bwererani kunyumba, pakhomo pano pachita zii. Koma musadzabwerezenso."

Ndawerenga, kuwerenganso. Nsapato inzake sikuoneka, ndipo minibasi ikuitanira kale pamsewu.