Uthenga Unafikira pa Foni Yanu

Amayi,

Kaya mukukhala bwanji kumeneko? Kuno ku Chongwe tilipo, kungoti nyumba yatikulira. Chimanga chija munabzala musanadwale tinakolola, ndipo sichinatichititse manyazi. Akazi a achimwene Yotamu anabereka mwana wamkazi, amupatsa dzina lanu. Ine lilime limakana kumuitana, ndimangoti "mwana".

Nkhani yeniyeni ndi ya sukulu. Mukukumbukira kuti tinalembera mayunivesite awiri, maphunziro a bizinesi pamodzi ndi utolankhani? Ya ku Lusaka inayankha msanga. Ndi pafupi, m'mawa kukwera minibasi, madzulo ndili pakhomo. Ndinapita kukaiona. Bizinesi amaphunzitsa bwino, koma utolankhani ndi wa pabolodi chabe, ngakhale maikolofoni alibe. Ya ku Kitwe, ija ili ndi wailesi yakeyake, inangoti zii. Ndinati basi, Mulungu wagwirizana ndi amayi. Pajatu inu munkati, "Esinati, nkhani sadya. Phunzira malonda."

Ndinali nditaiwala kuti pa fomu ya ku Kitwe ndinalemba nambala yanu, foni yanga itabedwa. Pogawa katundu wanu, foni inapita kwa amayi aang'ono a ku Bundabunda. Iwo Chingerezi sawerenga, choncho uthenga unakhala milungu iwiri mpaka mphunzitsi wina anawawerengera. Amayi aang'onowo anabwera okha, fumbi mpaka m'mawondo. Anditenga ku Kitwe, Amayi.

Nditawerenga, anadina penapake pa foniyo n'kundiika kukhutu. Ndinamva mawu anga, ndikuwerenga nkhani zongopeka kuseri kwa khitchini, monga ndinkachitira poganiza kuti ndili ndekha. Munandijambula liti? Amayi aang'ono anati, "Amako anali kumvetsa aliyense wogula tomato pa msika, ati uyu ni mwana wanga, muzamumvera pa wailesi."

Ndinalira kuposa tsiku la maliro. Msika wonse unkadziwa, kupatula ine mwini mawu. Mumatha kubisa inu, Amayi. Mukanangondiuza kamodzi kokha, mukanataya chiyani?

Tsono vuto ndi atate. Chichokereni inu, sadya pokhapokha ndikhale nawo pafupi. Mankhwala a shuga amaiwala, ndikawakumbutsa amati ndayamba kulongolola ngati inu. Achimwene ali ku Silverest, koma amachoka m'bandakucha kupita kuntchito ku tauni, ndipo akazi awo ali ndi khanda m'manja. Ndikasankha Lusaka, atate ndidzawaona tsiku lililonse. Ndikasankha Kitwe, ndidzawaona pa holide basi. A ku Kitwe yankho akulifuna pofika Lachisanu.

Dzulo ndinawauza zonse atate, akukhoma mpini wa khasu. Iwo anati, "Yenda, mwana wanga. Ine sindine mwana, nizadya." Atatero anaimirira n'kupita kukhola, ati kukatsekera mbuzi. Mbuzizo ndinali nditatsekera kale, iwo akuona. Sindinawatsatire.

Lero m'mawa ndavomera Kitwe. Sindikusangalala monga ndinkaganizira, mtima ukundipweteka kwambiri. Atate inu munawasiya musakufuna, Amayi, koma ine ndikuwasiya ndi miyendo yanga.

Ngati ndalakwa, mundikhululukire. Ndikulonjeza kuti mvula yoyamba ikagwa ndidzabwera, ngakhale masiku awiri okha, kuti asabzale munda wanu okha.

Ndimakukondani.

Ndine mwana wanu,
Esinati