Meseji Imodzi kwa Amayi a Buledi

Lolemba, 3 Marichi

Alamu andiimbira ndisanamwe n'komwe tiyi. Pulogalamu imene ndinawalembera ya ku galaja kwawo yayamba misala. Ntchito yake ndi yochepa: makaniko akadina "yatha", mwini galimoto alandire meseji imodzi. Koma Amayi a buledi, amene magalimoto awo onyamula buledi ndiwo amadyetsa galaja yonse, akumalandira meseji yomweyomweyo mpaka foni kutentha. Akuti zikachitikanso, azikakonzetsa kwina.

Alamu: "Inu a kompyuta, musandiphere ntchito." Ndati ndiona. Tiyi ndamwa wozizira.

Lachiwiri, 4 Marichi

Tsiku lonse kuyesa pa laputopu. Kutsegula khadi la galimoto, kudina, meseji imodzi. Kubwereza, chimodzimodzi. Ili ngati mwana wopulupudza amene amapinda manja alendo akabwera. Mayi a kunyumba akuti, "Mwina achimwene angokusowani." N'kutheka.

Lachitatu, 5 Marichi

Ndilembe pano kuti mutu uwongoke. Tsamba lalikulu la ntchito ndiye kholo. Khadi la galimoto iliyonse ndi mwana. Khadi likatsegulidwa, mwana amalembetsa kwa kholo kuti, "galimoto yanga ikatha mundiuze." Kholo likamuuza, iye amatumiza meseji. Basi.

Ndawonjezera kamzere koti kholo lizionetsa ana amene likuwauza. Kuno likuonetsa mmodzi. Ndiye matendawa ali ku galaja. Mawa ndikawatsatira komweko.

Madzulo mvula yabwino. Ndagona ngati munthu wopanda alamu.

Lachinayi, 6 Marichi

Andikhazika pa tayala lakale pafupi ndi tabuleti ya pakhoma, laputopu pamaondo. Makaniko wamkulu, amene onse amamutchula kuti Sipanala, amagwira galimoto ya mphunzitsi wina. Watsegula khadi, wawerenga, watseka, wakonza, wadina. Meseji imodzi. Alamu kundiyang'ana ngati ndabwera kudzadya zaulere.

Masana yalowa ya Amayi a buledi. Sipanala watsegula khadi, watseka, walowa pansi pa galimoto. Pang'ono, watuluka, wapukuta manja, watsegulanso. Watseka. Wamasula nati imodzi, wabwereranso ku tabuleti.

Ndamufunsa, "Bwanji achimwene, zalembedwazo zikusintha?"

"Zisinthe chani. Amayi aja mukuwadziwa inu? Ukalakwitsa kamodzi amakukumbutsa mpaka kumanda."

"Nanga mukutsekeranji?"

"Likakhala lotsegula anzangawa amaligunda ndi zigongono."

Ndayang'ana pa laputopu. Ana mbwee, onse a galimoto imodzi! Kutsegula kulikonse kumabala mwana watsopano, ndipo amalembetsa kwa kholo. Kutseka kumangomubisa, koma khutu lake likadali kwa kholo. Ikatha galimoto, kholo liuza onse, aliyense athamanga ndi meseji yake. Ine poyesa ndimatsegula kamodzi, chifukwa Amayi a buledi sindiwaopa. Sanandikalipirepo.

Ndaseka mpaka tayala kundigwetsa. Ndamupempha Sipanala asadine "yatha" mpaka ndikonze. Wati bola, zitsulo zina zifika Loweruka.

Lachisanu, 7 Marichi

Ndawonjezera mzere umodzi mu pulogalamu: khadi likatsekedwa, mwana adzichotse kwa kholo. Ndatsegula ndi kutseka mpaka chala kuwawa. Akutsala mmodzi.

Alamu amafuna kumuletsa Sipanala kutsegulatsegula. Ndati msiyeni, mantha omwewo ndi amene amamanga mabuleki bwino.

Loweruka, 8 Marichi

Galimoto yatha m'mawa. Sipanala watsegula khadi mwa nthawi zonse, wadina. Meseji imodzi, ndaiona ikupita.

Ndiye kudikira. Dalaivala osabwera. Alamu kuzungulira galaja, kupukuta zopukuta kale. "Mwatsimikiza yafika? Kapena mwaipheratu?" Ndati yafika, koma ndayang'ananso pa laputopu.

Dzuwa litapendeka foni ya alamu yalira. Aika poti tonse timve.

"Bambo a galaja, galimoto ija yathadi?"

"Yatha kalekale, mayi."

"Nanga meseji yabwera imodzi yokha bwanji? Ine ndimadikira zinzake. Ndimayesa mukungoyesera."

Alamu andiyang'ana ine. Amayi aja apitiriza:

"Chabwino, dalaivala akubwera. Abwera ndi inzake ija, mabuleki akulira."

Galimoto inzakeyo yafika. Sipanala wapukuta manja, watsegula khadi latsopano, watseka. Wayenda pang'ono, waima, wabwerera.