Iwe Udzalowere Kumanzere

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi amuna ako ndi adzukulu anga. Kodi chifuwa cha wamng'onoyo chinatha? Kuno ndikudzuka ndithu, kungoti nyumba yandikulira. Ndikatsokomola kuchipinda, ndimamva ngati wina wayankha kukhitchini.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni umandithamangitsa. Ukangofunsa ngati ndamwa mankhwala, ine n'kuvomera, basi nkhani yatha. Lero undimvere mpaka kumapeto.

Ukuikumbukira paki ija ya kudambo, kuseri kwa depoti ya mabasi? Ndimapitabe m'mawa uliwonse. Kanjira kake n'kosavuta, kopanda chitunda, kamangozungulira madzi n'kukubwezera pageti pomwe unalowera. Bango lija lilipobe, mlatho wa matabwa uli pakati pomwe paja, ndipo akakowa anazolowera phokoso la magalimoto.

Chimene sudziwa ndi mmene tinkayendera ndi amayi ako. Adokotala atatilamula kuti tiziyenda, masiku oyamba tinkangokhalira kukangana. Iwo ankayenda ngati asiya mphika pamoto, ine ndi bondo langali kumbuyo. Ankati ndikuwachedwetsa, ine ndinkati sindinakwatire msilikali. Mapeto ake anagamula okha kuti tikalowa pageti, iwo azilowera kumanzere, ine kumanja, tizikakumana kutsogolo.

Zinatikomera. Poyamba ankandipeza ndisanapite patali, pabenchi yoyamba, iwo atazungulira pafupifupi dambo lonse. Ndinkawaonera kutali akutulukira pokhota, mpango wawo wofiira wa kumutu ukuoneka pakati pa bango. Akafika ankandipatsa moni ngati mlendo, n'kundifunsa kuti nanga bambo inu, akazi anu mwawasiya kuti? Ine ndinkayankha kuti anandithawa, ndi aliwiro.

Kenaka tinayamba kukumana pamlatho. Pambuyo pake kupitirira mlatho, mbali yawo. Ine ndinkadzitama kuti bondo lapola, mwaona nanga, ndayamba kukuposani. Iwo ankangoseka n'kuvomera kuti eya, mwasanduka mnyamata. Ndinadzazindikira ali kale m'chipatala kuti si ine ndinawonjezera liwiro. Mtima wawo ndiwo unkatha mphamvu, ndipo eni ake ankadziwa.

Chiwaikireni m'manda ndimalowerabe kumanja. Kumanzere miyendo imakana. Maso amangothamangira pokhota paja ngakhale ndikudziwa kuti palibe amene atulukirepo. Anthu alipo ambiri, achinyamata othamanga atatseka makutu ndi nyimbo, amayi okankha tingolo ta ana, koma onse amangodutsa. Ndimasungulumwa, mwana wanga, sindikubisira. Tsiku lina limatha osatsegula pakamwa kupatula pomwa tiyi.

Amene amandilankhulako ndi mlonda wa pakiyo, bambo wonenepa woyenda mokoka nsapato. Akatsegula geti m'mawa ine ndimakhala ndafika kale, ndiye timalowa limodzi. Iye amazungulira kuona ngati zonse zili bwino, ndipo amayambira kumanzere. Chaka chatha tinkakumana pamlatho. Miyezi yapitayi takhala tikukumana ine mlathowo ndisanauone n'komwe.

Sabata yathayi anandipeza pabenchi yoyamba ija, nditakhala pansi, befu ali tho. Anandifunsa moseka kuti madala, bwanji masiku ano mukundidikirira pafupi chonchi? Ndinaseka naye, koma ndinakumbukira za amayi ako. Munthu uja sanawonjezere liwiro, ndi mimba yakeyo sangathe.

Ndinapita kuchipatala. Adokotala anandimvetsera pachifuwa nthawi yaitali, n'kundisinthira mankhwala, n'kufunsa ngati ndili ndi wondiyang'anira kunyumba. Ndinawauza kuti ndili ndi mwana wamkazi. Sindinanene kuti ali kutali, kapena kuti chichokereni pamaliro sanabwerenso.

Sindikukuimba mlandu. Ndikudziwa za ntchito, ndikudziwa kuti ana ali pasukulu, ndikudziwanso kuti nyumba ino imakuwawa kulowamo. Unati udzabwera chaka chamawa, ine n'kuvomera. Koma galu wamkota sakandira pachabe. Mvula ikayamba madzi amakwera, kanjira kaja amakatseka mpaka dambo litaphwa. Sindikudziwa ngati pomadzakatsegulanso ndidzakhala ndikufikabe ngakhale pabenchi ija.

Bwera mvula isanagwe. Usavutike ndi zonditengera, malaya amene unanditumizira aja sindinawavale n'komwe. Ndikungopempha m'mawa umodzi. Tidzalowe pageti limodzi, iwe udzalowere kumanzere, ine kumanja. Usadzandiperekeze, usadzandigwire mkono ngati wodwala. Udzayende mwa liwiro lako, paja unatengera amayi ako, ndipo udzandipeza pomwe udzandipezepo. Ndikungofuna ndidzaonenso munthu wanga akutulukira pokhota paja, akubwera kwa ine.

Upereke moni kwa amuna ako, ndipo anawo uwauze kuti agogo awasowa. Mulungu akusungeni nonse ndi kukupatsa ulendo wabwino.

Mpango wofiira uja ndinausunga. Ndauchapa, uli m'kabati, ukukudikira.

Ndine,
Bambo ako